Kukweza kumbuyo kwa njinga yamoto yaliwiro: kodi n'kumene kungakuthandizeni pa makona a ku Thabwa?

Bambo wina wa ku Nchalo wandifunsa funso lalitali lokhudza makona a ku Thabwa, pamene msewu wa ku Blantyre umayambira kukwera mapiri, ndipo ndalifupikitsa motere: "Ndili ndi njinga yamoto yaliwiro ya 600cc imene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Joni. Pamsewu wowongoka ndilibe nayo dandaulo. Koma ndikamakwera mapiri kupita ku Blantyre imavuta kukhota. Ndimachita kulimbana nayo kuti igone, ndipo ndikangoipatsa moto potuluka pa kona imathawira kunja. Ndikanyamula mayi akunyumba ndiye zimanyanya, mpaka pansi pake pamakhula pa mahampu. Mnzanga wina wowotcherera akuti tidule tizitsulo tili pansi pa shoko, tiwotchererenso, kumbuyo kukwere ndi zala zitatu. Ndimulole?"

Achimwene, musamulole. Sikuti nzeru yokweza kumbuyo ndi yabodza ayi. Anthu a mipikisano ya njinga amachita zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo matenda mwatchulawa ndi amodzi mwa amene kukweza kumbuyo kumachiza. Koma iwo amakweza ndi mamilimita 3, kapena 5, akachulutsa 10, atayamba ayeza ndi tepi n'kulemba m'buku. Zala zitatu za munthu wamkulu ndi mamilimita 50 kapena kuposa. Komanso ndisanaione n'komwe njinga yanuyo, ndikukayika ngati inabadwa yaifupi kumbuyo. Ndikuganiza kuti yachita kukhala pansi chifukwa cha tayala lakutha ndi shoko yotopa, ndipo ngati zili choncho, ntchito yanu ndi kuibwezera pamene inali, osati kuikweza kupitirira pamene anaipangira.

Tiyambe ndi chimene chimachitika kumbuyo kukakwera. Imani pambali pa njinga muyang'ane mafoloko. Sanaime chilili, anapendekera kumbuyo. Pa njinga zaliwiro za 600cc kupendekera kumeneku kumakhala madigiri 24 kapena pafupi pamenepo, ndipo m'mabuku a njinga amakulemba kuti rake. Tsopano yerekezani kuti mwajambula mzere kuchokera pakhosi pa njinga, pamene pamazungulira handulo, kutsika nawo mpaka pansi. Mzerewo ukagunda pansi kutsogolo pang'ono kwa pamene tayala laponda. Kampata kameneko ndiko amati trail, ndipo pa njinga ngati yanu kamangotsala pang'ono kukwana mamilimita 100. Ndi kakang'ono, koma ndi kamene kamachititsa kuti njinga iziyenda mowongoka yokha ngakhale mutasiya handulo. Tayala limatsatira pambuyo pa mzere uja ngati ngolo pambuyo pa ng'ombe. Likamenya mwala n'kupatuka, kukoka kuja kumalibwezera m'njira.

Mukakweza kumbuyo, njinga yonse imawerama, mafoloko amaimirira pang'ono, ndipo kampata kaja kamachepa. Handulo imapepuka, njinga imagona msanga mukaiuza kuti igone. Koma mphamvu yodziwongola yokha ija imachepanso pamlingo womwewo. Walira mvula walira matope. Masamu ake ndi osavuta: kuchokera pa tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo pali mamilimita pafupifupi 1,400. Mukakweza kumbuyo ndi mamilimita 10, mafoloko amaimirira ndi kagawo kosakwana theka la digiri, ndipo trail imachepa ndi mamilimita 2 kapena kuposerako pang'ono. Zikumveka ngati nthabwala, koma manja a wokwera amazimva ndithu. Ndiye zala zitatu za mnzanu zija zingachotse madigiri 2 athunthu ndi mamilimita oposa 10 a trail. Imeneyo si njinga yomwe anapanga kufakitale, ndi ina, ndipo woyamba kuiyesa mudzakhala inuyo, pamsewu wa M1, pakati pa malole ndi mbuzi.

Pali chinanso chimene chimasintha, ndipo ichi ndi chimene chikukhudza kwambiri dandaulo lanu lothawira kunja. Mukaipatsa moto njinga, kulemera kumathamangira kumbuyo ndipo kumbuyoko kumafuna kunjuta. Chimene chimalimbana ndi kunjutako si sipuling'i yokha. Mkono umene umagwira tayala lakumbuyo, umene amakaniko timangoti swingarm, unapendekera pansi kuchokera pafulemu kupita ku tayala. Tayala likamakankha njinga kudzera mu mkono wopendekerawo, tcheni nacho chikukoka pamwamba pake, zimathandizana kuti kumbuyo kusagwe. Mkonowo ukagona kwambiri chifukwa njinga yakhala pansi, thandizo lija limachepa. Mukangotsegula mafuta pakati pa kona, kumbuyo kumatsika, kutsogolo kumadzuka, mafoloko amatambasuka, ndipo njinga imayamba kuyenda ngati bwato lodzaza kumbuyo, mphuno ili m'mwamba. Kunja kuja ikuthawira n'kumeneko. Ndipo kuno timayenda kumanzere, ndiye pa kona yokhotera kumanzere "kunja" kwake ndi mbali ya basi imene ikutsika kuchokera ku Blantyre. Pa kona ya kumanja, kunja kwake ndi m'mphepete, ndipo mapiri athu aja m'mphepete mwake mukudziwa mmene mulili.

Ndiye mwaona kuti mnzanuyo matenda wawaloza bwino. Walakwa pa mankhwala ndi pa muyezo.

Musanagwire sipanala iliyonse, gwadani kumbuyo kwa njinga muyang'ane tayala. Munthu wokhala ku Nchalo amayenda kwambiri pamsewu wosakhota: Nchalo kupita ku Dyeratu, Nchalo kupita ku Ngabu, ku Bangula mpaka ku Nsanje, ndi pathyathyathya pokhapokha. Tayala la njinga yaliwiro linapangidwa lozungulira ngati chipanda, koma likamangoyenda chilili pa phula lotentha la kuchigwa limadyeka pakati pokha. Pakapita nthawi limaphwatalala, m'mbali mwake n'kutsala ngodya. Tsiku lina mnyamata wina anabweretsa kwa ine njinga ya mtundu womwewu ndi madandaulo ngati anuwa. Ndinatenga rula n'kuigoneka chopingasa pa tayala lake, ndipo inakhazikika bwinobwino pamalo okwana chikhatho changa, osagwedera. Ndinamuuza kuti akupita ku Thabwa atakwera thabwa. Tayala lotero limakana kugona, kenako likadutsa pangodya paja limagwa mwadzidzidzi. Komanso mphira wadyekawo ndi utali umene njinga yataya: tayala latsopano ndi lakutha zimasiyana mamilimita 4 kapena 5 pakati, ndipo amenewo ndi omwe aja mukufuna kuwonjezera. Onaninso manambala anayi otsiriza pa chidindo cha DOT m'mbali mwa tayala. Awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2318 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2018. Njinga zambiri zobwera kuchokera kunja zimafika ndi matayala ooneka abwino koma okalamba, mphira wake utauma.

Kenako mpweya. Njinga zambiri za 600cc zimafuna 2.5 bar kutsogolo ndi 2.9 bar kumbuyo, koma tsatirani zimene zalembedwa pa kapepala komatidwa pa swingarm kapena m'buku la njinga yanu. Tayala lakutsogolo likangoperewera theka la bar, handulo imalemera ngati mukukoka thumba la chimanga, ndipo munthu amayamba kunamizira shoko. Gulani kachipangizo kanu koyezera mpweya, muziyeza m'mamawa musananyamuke. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kupitirira madigiri 40, phula ndiye limaposa pamenepo, ndipo mukayeza masana mutayenda kale mudzapeza mpweya wakwera. Musauphwetse. Ukazizira udzabwerera pamalo pake, ndipo mukauchotsa mudzadzuka mawa lake ndi tayala loperewera.

Matayala akakhala bwino, chotsatira ndi kuyeza mmene njinga imatsikira mukaikwera. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo sipafunika ndalama. Pafunika tepi yoyezera ya mamilimita, pensulo, ndi anthu awiri okuthandizani, pajatu mutu umodzi susenza denga. Pezani simenti yosalala, kaya ndi pakhonde la sitolo. Matani kapepala pa chipulasitiki cha kumchira, pamwamba penipeni pa ekiselo ya tayala lakumbuyo, n'kujambulapo kadontho. Miyezo yonse muziiyambira pakati pa ekiselo kufika pa kadontho kameneko.

Muyezo woyamba: njinga ili pa sitandi yam'mbali, anzanu aikokere mbali ya sitandiyo mpaka tayala lakumbuyo lichoke pansi, shoko itambasuke yonse. Lembani. Wachiwiri: njinga iime chilili pa matayala ake popanda munthu, wina angoigwira kutsogolo kuti isagwe. Dinikizani mpando kamodzi, musiye ibwerere yokha, muyeze. Wachitatu: kwerani inuyo mutavala zonse zimene mumavala paulendo, chipewa, jekete, nsapato, ngakhale chikwama chakumbuyo ngati mumayenda nacho. Mapazi onse awiri akhale pa zopondera, manja pa handulo, mnzanu wina agwire njinga kutsogolo, winayo ayeze. Bwerezani katatu, chifukwa tepi ndi maso a munthu zimanama.

Mukachotsera wachitatu pa woyamba, mwapeza mmene njinga imatsikira ndi inuyo. Pamsewu wamba timafuna mamilimita 30 mpaka 35. Mukachotsera wachiwiri pa woyamba, mwapeza mmene imatsikira ndi kulemera kwake kokha, ndipo pamenepo timafuna 5 mpaka 10. Sindingadabwe mutapeza 45 kapena 50 pamene pakufunika 30. Mwini wake woyamba ku Joni mwina anali munthu wochepa thupi, kapena anaitsitsa dala kuti miyendo izifika pansi. Ngati ndi choncho, njinga yanu ikuyenda kumbuyo kutatsika ndi mamilimita 15 kapena 20 popanda chifukwa, ndipo mungawabweze pomanga mphete imene ili pamwamba pa sipuling'i. Pa njinga zina mpheteyo ili ndi masitepe, pa zina ndi mphete ziwiri za mazinga, ina yomangira ina yotsekera. Ili ndi sipanala yakeyake yokhota ngati zenga. Chonde musaimenye ndi hamala ndi chizulo monga amachitira ena, mano ake amatha tsiku limodzi. Tsukani kaye mazingawo, chifukwa fumbi la kuno limawagwira ngati simenti.

Muzindikire kuti kumanga mphete sikulimbitsa sipuling'i. Kumangosintha pamene njinga imakhazikika mukaikwera. Ngati mwamanga mpaka mwapeza 30 koma njinga ikakhala yokha sikutsikanso ngakhale pang'ono, ndiye kuti sipuling'iyo ndi yofewa kwa thupi lanu, pakufunika yolimba. Njinga yoteroyo imakankha matako pa bampu lililonse, ndipo mukamanga mabuleki kumbuyo kumayandama. Apo mankhwala ndi sipuling'i ina, osati kupitiriza kumanga.

Mukadali pomwepo, yesani shoko yeniyeniyo. Dinikizani mpando mwamphamvu n'kusiya. Ikuyenera kubwerera mofatsa n'kuima. Ikadumpha ngati mpira n'kugwederanso kawiri, kapena mukaona mafuta osakanikirana ndi fumbi pa kachitsulo konyezimira ka pakati, ndiye kuti yatha ntchito. Mafuta a m'kati mwa shoko amakalamba, ndipo akatentha amasungunuka ngati madzi, n'chifukwa chake njinga ina imayenda bwino pochoka ku Nchalo m'mawa koma pobwerera masana imangoti nyomi nyomi. Shoko yakufa ngakhale muikweze bwanji idzanjutabe potuluka pa kona. Zambiri za pa njinga zimenezi zimatheka kukonzedwa, kuthiridwa mafuta atsopano ndi mpweya wa nayitrojeni, koma musaitsegule nokha pansi pa mtengo wa mango, muli mpweya wopanikizika kwambiri. Onaninso mabering'i a tizitsulo tija mnzanu akufuna kudula. Amene tinayendapo pamisewu yapambali namondwe Ana atadula M1 mu 2022, ndi Freddy atabwerezanso mu 2023, tikudziwa zimene matope ndi madzi zimachita pansi pa njinga. Mabering'i amenewo akachita dzimbiri, shoko siyenda momasuka, ndipo miyezo yanu yonse imakhala yabodza. Masulani, tsukani, pakani girizi. Chimodzimodzi mabering'i a pakhosi: tukulani kutsogolo, tembenuzani handulo pang'onopang'ono, ndipo ikamakodwa pakati ngati pali kadzenje, asintheni. Maenje a pamsewu ndi amene amawaboola choncho.

Za mayi akunyumba ndi zachidule. Njinga zimenezi anazipangira munthu mmodzi, kampando kakumbuyo kaja n'kongokongoletsa. Munthu wachiwiri amakhala kumbuyo kwenikweni ndiponso pamwamba, moti kulemera kwake konse kumagwera pa shoko. Tsiku loyenda awiri mangani mphete ija masitepe awiri kapena atatu, mukayambanso kuyenda nokha mubwezere, ndipo lembani penapake pamene inali. Mahampu nawo musayembekezere kuti kukweza kumbuyo kuwathetsa. Mimba ya njinga ili pakati pa matayala awiri, ndiye mukakweza kumbuyo ndi mamilimita 10, mimbayo imangokwera ndi 5. Njinga yotere imatalikira pansi mamilimita 130 okha kapena pafupi pamenepo, si ya kabaza. Chimene chimathandiza ndi kuchepetsa liwiro mudakali patali, n'kusiya buleki musanakwere hampu kuti mafoloko akhale atatambasuka. Ambiri amakhula chifukwa amafika pahampu atafinya buleki, mphuno ili pansi.

Tsopano tinene kuti zonsezi mwachita. Matayala ndi abwino, mpweya uli bwino, shoko ndi yamoyo, mwapeza 30 mpaka 35, koma mukumvabe kuti potuluka pa kona njinga ikufuna kunja. Apa ndiye tingakambe zokweza, ndipo njira zake zilipo zingapo.

Yoyera kuposa zonse ndi shoko imene ili ndi posinthira utali kumunsi kwake. Mashoko ogula padera, monga a kampani ya Öhlins, ambiri ali napo, ndipo mwina mwini wake woyamba anaikamo yotero inu osadziwa, choncho suzumirani ndi tochi. Pa njinga zambiri za ku Japan, mutu wa shoko umamangidwa pa kachitsulo kooneka ngati mphanda kamene kamalowa m'fulemu n'kumangidwa ndi nati pamwamba. Pakati pa kachitsuloko ndi fulemu mungalowetsepo washala yachitsulo. Koma samalani apa: tizitsulo tapansi tija timachulukitsa. Milimita imodzi pa shoko imasanduka 2 kapena 3 pa tayala. Washala ya mamilimita 2 ndi yokwanira poyambira, ndipo mukaiika bwerezani muyezo woyamba uja kuti muone zenizeni zimene mwawonjezera. Onetsetsani kuti nati yagwira mazinga onse ndipo mazinga ena atsalako pamwamba, muimange pa mlingo umene buku likunena. Njira ina imene ambiri saiganizira ndi tayala. Pa 180/55, nambala yachiwiriyo ikutanthauza kuti khoma la tayala ndi magawo 55 pa 100 a mulifupi mwake, omwe ndi mamilimita 99. La 180/60 khoma lake ndi 108. Kungosintha tayala mwakweza kale ndi 9, ndiye musaphatikize ndi washala tsiku limodzi, ndipo onani kuti silikukhula pena paliponse. Palinso tizitsulo togula kale tosinthira tija tapansi. Pa njinga zambiri tikafupika kumbuyo kumakwera, koma osati pa zonse, ndipo tambiri timakweza ndi mamilimita 25 kapena 30 nthawi imodzi, zomwe kwa ine n'zochuluka pamisewu yathu.

Ena adzakuuzani kuti m'malo mokweza kumbuyo mungotsitsa kutsogolo, pokweza mafoloko m'zogwirira zake. N'zoona kuti handulo imapepuka chimodzimodzi. Koma mimba imayandikira pansi, ndipo inu mukudandaula kale za mahampu. Komanso sikuthandiza kanthu pa kunjuta kwa kumbuyo kuja. Kwa inu njira imeneyo ayi.

Zodula ndi kuwotcherera ndazikana pa zifukwa ziwiri. Tizitsulo timeneto timanyamula mphamvu yoposa kulemera kwa njinga ndi anthu ake kangapo, ndipo timakokedwa n'kumasuka pa bampu lililonse, kambirimbiri paulendo umodzi. Powotcherera ndi pamene mng'alu umayambira, ndipo suoneka mpaka tsiku lothyoka. Tikathyoka, kumbuyo kumagwera pa tayala, tayala limaima nji, inu muli pa liwiro. Chachiwiri, tili tiwiri, ndipo mabowo ake ayenera kufanana ndendende. Kusiyana kwa milimita imodzi kumapotoza mabering'i. Mnzanuyo akhoza kukhala katswiri wa mageti ndi ngolo, ndipo akabaza ambiri amawathandizadi kulimbitsa makaliyala, koma njinga ya kabaza yonyamula matumba a makala pa liwiro la makilomita 40 pa ola ndi yanuyi ndi nyama ziwiri zosiyana.

Ndikunena izi ndinapsapo. Ndili mnyamata ndinali ndi njinga yanga ya mtundu womwewu, ndipo nditamva kukoma kwa washala imodzi ndinati ziwiri ziposa, kenako ndinaika zitatu. Pokwera mapiri ndinadziona ngati mfumu, njinga inkangogona ndikangoiganizira. Sabata yomweyo ndinapita ku Ngabu. Pamalo ena owongoka ndinafuna kupitirira lole, ndinatsegula mafuta, ndipo tayala lakutsogolo litapepuka linaponda pachigamba cha phula chotukuka. Handulo inayamba kudzimenya yokha uku ndi uku, phaphapha, mwamsanga moti manja anga analephera kuitsatira. Zala zazikulu zinamenyedwa pa thanki, mapazi anachoka pa zopondera, ndipo ndinkangoona matayala a lole pambali panga. Sindinganame kuti ndinaigonjetsa ndi luso. Inasiya yokha pamene manja anafooka n'kuleka kulimbana nayo. Nditafuna kuima, chogwirira buleki chinafika mpaka ku handulo popanda kugwira, chifukwa kugwedezeka kuja kunakankhira mapadi kutali ndi disiki, ndinachita kupopa kangapo. Ndinakhala pansi pa mtengo wa msangu kwa nthawi, mayi wina wogulitsa masawu akungondiyang'ana osanena kanthu. Madzulo omwewo mawashala awiri ndinawachotsa.

Chimene ndinaphonya nthawi imeneyo ndi chimene ndikufuna inu muchione. Makona amene akukuvutaniwo ndi kagawo kochepa ka ulendo wanu, kuchokera ku Thabwa kukwera mpaka pamwamba. Kwina konseko, kuwoloka mlatho wa Kamuzu kubwera kuno, njinga imafunika ikhale yokhazikika: pali maenje, zigamba, mchenga umene mvula imakokolera pamsewu, nzimbe zogwa m'mathirakitala, ng'ombe zodutsa madzulo, ndi wa njinga yakapalasa amene amakhota osayang'ana. Bwalo la mpikisano ndi losalala ngati tebulo ndipo onse amalowera kumodzi, n'chifukwa chake iwo angathe kugulitsa kukhazikika kuti agule kukhota msanga. Ife tilibe mwayi umenewo. Pa chifukwa chimenechi ine ndimayamba ndi mamilimita 5 pa tayala, ndipo sindipitirira 10. Ngati njinga yanu ili ndi kashoko kakang'ono kogwira handulo kuti isagwedezeke, onani kuti kakugwira ntchito, koma musakadalire kuti kabise zimene mwaononga kumbuyo.

Kumbukiraninso kuti mapiri aja mumawatsikanso. Kuchokera ku Blantyre, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, kufika ku Chikwawa pa mamita 100 kapena pafupi pamenepo, ndi kutsika kwenikweni. Potsika kulemera kumakhala kale kutsogolo, mabuleki amafinyanso mafoloko, ndipo njinga imakhala yowerama yokha. Mukawonjezerapo kumbuyo kokwera kwambiri, tayala lakumbuyo limapepuka, limayamba kuvina pomanga mabuleki, ndipo njinga imagwera m'kona msanga kuposa mmene mumafunira. Ndipo ngati potsika napo imakuthawirani kunja, pepani achimwene, kawirikawiri vuto silikhala la njinga. Ndi kulowa pa kona ndi liwiro lochuluka, kenako kufinya buleki yakutsogolo njinga itagona kale, zomwe zimaidzutsa. Malizani mabuleki musanakhote, tsikani ndi giya yotsika, finyani thanki ndi mawondo kuti mikono imasuke, ndipo maso akhale kumene mukufuna kupita, osati pa lole imene mukuiopa.

Mukakweza, pali tinthu tingapo toti mukonze tsiku lomwelo. Choyamba ndi tcheni. Chimakungika kwambiri pamene sipuloketi yakutsogolo, bawuti la swingarm ndi ekiselo yakumbuyo zili pamzere umodzi. Njinga yokwezedwa ikaima, mkono uja umakhala kutali ndi mzere umenewo kuposa kale, choncho tcheni chimene chikuoneka bwino njinga ili yokha chikhoza kukungika ngati nsambo ya gitala mukakwera awiri n'kumenya bampu. Chimenecho chimadya mabering'i a giyabokosi ndi kumanga shoko kuti isayende. Chisiyireni mpata wochulukirapo pang'ono kuposa wa m'buku, ndipo yesani wina wolemera atakhala pampando, kapena kokani kumbuyo ndi lamba wa katundu mpaka zitatu zija zikhale pamzere, muone kuti chikadali ndi kampata. Onaninso kuti sichikudya kwambiri mphira wa pamwamba pa swingarm, ndiponso kuti paipi ya buleki yakumbuyo sikukokeka tayala likalendewera. Sitandi idzakhala ngati yafupika, njinga idzapendekera kwambiri ikaima, ndipo pa mchenga wa kuno kapena pa phula lofewa ndi dzuwa imagwa mosavuta, choncho muziyenda ndi kathabwa koika pansi pake. Nyali yakutsogolo idzaloza pansi, muikweze, chifukwa ng'ombe yakuda usiku pa Ngabu mumafuna muione mudakali kutali.

Poyesa, sinthani chinthu chimodzi basi, ndipo muyende pamalo amodzimodzi amene mumawadziwa, muli nokha, m'mawa malole asanachuluke. Pamakona aja pamakhala dizilo wotayika, ndiye si malo ofufuzirapo malire a njinga. Mukungofuna kumva ngati pa liwiro lanu la masiku onse ikutsata mzere umene mwasankha mukatsegula mafuta. Kenako bwererani kuchigwa mukaiyese pamsewu wowongoka wa mabampu. Mukamva handulo ikunjenjemera potsegula mafuta, kapena tayala lakumbuyo likuterereka potuluka pa kona pamene kale linkagwira, kapena kumbuyo kukuyandama pomanga mabuleki, mwapitirira, bwezani theka la zimene munawonjezera. Miyezo itatu ija mukaipeza munditumizire pamodzi ndi kulemera kwanu, manambala a pa matayala onse awiri, ndi chithunzi cha mutu wa shoko, ndidzakuuzani ngati pakufunika washala kapena sipuling'i.